Lisiti likunena zina, laputopu ikunena zina: kodi waranti yanga yathera pomwepo?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Dedza, cha ku Bembeke. Chaka chatha ndinagula laputopu m'sitolo ina ku Lilongwe. Anandiuza kuti ndikawonjezera ndalama andipatsa waranti ya zaka ziwiri m'malo mwa chaka chimodzi, ndipo ndinalipira. Patha miyezi 14, pano ikumazima yokha ndipo mabatani ena sakugwira. Nditabwerera nayo anaitembenuza, n'kunena kuti nambala ya kunsi kwake sikufanana ndi ya pa lisiti, ndiye si kompyuta imene anandigulitsa. Mnyamata wina wokonza makompyuta pa boma wandiuzanso kuti pa lisiti analemba 512GB ndi Core i5-1135G7, koma mkatimo muli 256GB ndi i5-8250U. Ine sindinasinthe kanthu. Kodi ndalama zanga zalowa m'madzi?

Yankho: Aphunzitsi, pepani kwambiri. Ndalama ya mphunzitsi imabwera movutikira, ndipo ndikudziwa kuti laputopu imeneyo munaisungira miyezi yambiri. Koma mtima m'malo, ndalama zanu sizinalowe m'madzi. Lisiti analemba ndi iwo. Kompyuta anaitulutsa pa shelefu ndi iwo. Ngati ziwirizi sizikugwirizana, oyenera kufotokoza chifukwa chake ndi a sitolowo, ndipo chimene akukukanizirani waranti ndi chomwecho chimene chikuwaika pa mlandu waukulu kuposa wa warantiwo. Ntchito yanu ndi imodzi yokha, kusonyeza kuti laputopu ili m'manja mwanuyo ndi yomweyo imene munatuluka nayo m'sitolo tsiku lija. Mukatha zimenezo, zina zonse ziyenda.

Tsiku limenelo munagula zinthu ziwiri. Munagula kompyuta, munagulanso lonjezo lakuti ikawonongeka idzakonzedwa ulere. Tengani pepala la warantiyo muone bwino kuti lonjezoli anapereka ndani, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Makampani opanga makompyuta monga HP, Dell ndi Lenovo nthawi zambiri amapereka waranti ya chaka chimodzi pa laputopu yatsopano, ndipo amagulitsanso yowonjezera. Yowonjezera ya kampaniyo imalembetsedwa pa siriyo nambala, nambala yozindikiritsa kompyuta iliyonse payokha, ya kompyuta imodzi basi, moti mukalowa pa webusaiti yawo n'kulemba nambalayo imakuonetsani tsiku limene waranti inayamba ndi limene idzathe. Ngati pepala lanu lili ndi chidindo cha sitolo chokha, popanda nambala iliyonse ya ku kampani, ndiye kuti lonjezolo ndi la mwini sitolo. Zikatero nkhani yafupika. Munthu analandira ndalama yanu kuti adzakonze kompyuta imene anakupatsani pamanja, ndipo sangathawe lonjezo lake chifukwa choti wantchito wake analemba nambala ina. Ngati ndi ya ku kampani ndipo anailembetsa pa nambala ya pa lisiti, ndiye kuti kwinakwake kuli laputopu ina imene ikudyerera waranti yolipira inu. Kampani sikukudziwani, ndipo siingakonze yanuyo, koma amene anakugulitsani warantiyo sanakupatseni chimene munalipira, choncho ngongole ili pa iye.

Tsono tione kusiyana kwa katunduyo, chifukwa kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani.

Pali kusiyana kwina kumene si chinyengo, ndipo ndi bwino kukudziwa kuti musakachite manyazi pa kauntala. Opanga ma SSD, kachipangizo kosungiramo mafayilo mu kompyuta, amawerengera kukula kwake mosiyana ndi mmene Windows imawerengera, moti ya 512GB imaoneka ngati pafupifupi 476GB, ya 256GB imaoneka ngati 238GB, ndipo ya 1TB imaoneka ngati 931GB. RAM, malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwira, ya 8GB nayonso imatha kulembedwa kuti yogwiritsidwa ntchito ndi 7 ndi kanthu, popeza ina imatengedwa ndi mbali yoonetsa zithunzi. Zimenezo n'zachibadwa cha makinawa. Koma ngati yanu ikuonetsa 238 pamene lisiti likuti 512, munapatsidwa theka la malo amene munalipira. Za purosesa, ubongo wa kompyuta, ndiye zikuposa pamenepo. Mawu akuti Core i5 paokha sanena zambiri, chofunika ndi manambala amene ali kutsogolo kwake. Intel inatulutsa i5-8250U mu 2017, pamene i5-1135G7 inatuluka mu 2020. Pakati pawo pali zaka zitatu, ndipo mitengo yake pa msika siyandikana n'komwe. Laputopu ya purosesa ya 2017 yogulitsidwa chaka chatha ngati yatsopano, kawirikawiri imakhala kuti inagwirapo kale ntchito kwina isanafike kuno. Makompyuta otere amalowa ambiri m'dziko muno kuchokera ku Dubai, ku UK ndi ku South Africa, ena apukutidwa bwino n'kuikidwa m'katoni. Si oipa, ndipo ambiri a ife timagwiritsa ntchito omwewo. Choipa n'kumugulitsa munthu wakale pa mtengo wa watsopano, monga amachitira ena pa Lizulu, kachewere wamkulumkulu pamwamba pa ndowa, timing'onoting'ono pansi.

Malamulo a dziko lino sanyengerera zimenezi. Lamulo la kugula ndi kugulitsa, la Sale of Goods Act, limati katundu akagulitsidwa pofotokozedwa kuti ndi wakutiwakuti, ayenera kufanana ndi mafotokozedwewo, kaya mwagwirizana zimenezo polemba kaya ayi. Kwa inu mafotokozedwewo alembedwa pa lisiti lawo lomwe. Palinso Consumer Protection Act ya 2003, komanso Competition and Fair Trading Act ya 2024 imene inalowa m'malo mwa ya 1998. Lamulo la 2024 limeneli limaletsa wamalonda kunamiza wogula za mtundu ndi ubwino wa katundu, limaletsanso kudzichotsa pa udindo katundu akapezeka ndi vuto. Choncho chikwangwani chija chimapachikidwa kumbuyo kwa kauntala, chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, chisakuopseni. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC mwachidule, lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu amenewo ndi kuphwanya lamulo.

Musanakwere minibasi ya ku Lilongwe, khalani pansi ndi laputopuyo pamene ikuyakabe. Choyamba kopelani zonse zili m'menemo, malikisi a ana, ma sikimu, zithunzi za banja, muziike pa fulashi, chifukwa kompyuta yomazima yokha tsiku lina siidzayakanso. Mukatero itembenuzeni mujambule ndi foni sitika kapena zolemba za kunsi, nambala iliyonse ioneke bwino. Pa HP mupeza siriyo nambala ya zilembo ndi manambala 10, pa Dell amaitcha Service Tag ndipo imakhala ya 7. Samalani apa, pansipo pamakhala manambala angapo, ndipo zimachitika kuti wolemba lisiti amakopa nambala ya mtundu wa katundu m'malo mwa siriyo. Onani ngati nambala ya pa lisitiyo sikupezeka penapake pa sitikayo kapena pa katoni. Kenako iyatseni mulowe mu BIOS, tsamba loonetsa za mkati mwa makinawo limene limatsegulidwa Windows isanayambe. Ikangoyamba kuyaka dinani F10 mobwerezabwereza ngati ndi HP, F2 ngati ndi Dell, F1 ngati ndi Lenovo ThinkPad. M'menemo muona siriyo nambala imene inalembedwa mkati mwa makinawo ku fakitale, pamodzi ndi purosesa ndi RAM. Jambulani sikirini yonseyo. Sitika munthu akhoza kumata ina, chivundikiro cha kunsi akhoza kusintha, koma ya mu BIOS siisinthika wamba. Ngati mabatani amenewo ali m'gulu la akufawo, bwerekani kiyibodi ya USB ku ofesi ya sukulu mulumikize.

Mukalowa mu Windows, tsegulani pulogalamu yotchedwa Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Ikupangirani lipoti la batire, losonyeza mphamvu imene batireyo inapangidwa nayo ndi imene yatsala nayo, komanso mbiri ya mmene yakhala ikugwirira ntchito sabata ndi sabata. Anthu ambiri sadziwa kuti lipoti limeneli ndi mboni yabwino. Ngati Windows sinaikidwenso mwatsopano chigulireni, mbiriyo ikhoza kubwerera m'mbuyo mpaka masabata amene munagula.

Ndiye lowani pa webusaiti ya kampani yopanga laputopuyo, pa tsamba loonera waranti, mufufuze manambala onse awiri, ya kompyuta yanu ndi ya pa lisiti. Ya kompyuta yanu ikuuzani chaka chimene waranti yake yoyamba inayamba. Ikati 2018 kapena 2019, umboni wakuti si yatsopano mwaupeza, wochokera kwa mwini wake wopanga. Ya pa lisiti ikuuzani ngati kompyuta yoteroyo iliko n'komwe, ndi ya mtundu wanji, ndiponso ngati waranti yowonjezera inalembetsedwapo. Sindikizani masamba onse awiri pa pepala.

Tsopano funso lovuta lija. Iwo akunena kuti mwabweretsa kompyuta ina. Kunena zoona, alipo ogula amene amachitadi zimenezo, ndiye musadabwe kuti akukayika. Mudzawatseka pakamwa ndi zinthu zazing'onozing'ono zimene mwina simukuziwerengera. Katoni imene munanyamuliramo, ngati ikadalipo pansi pa bedi, ili ndi sitika ya siriyo nambala, ndipo mwina ilinso ndi mtengo wolembedwa ndi dzanja lawo. Masitolo ambiri amamata kasitika kawo pa laputopu kapena pa chaja, kena kamakhala pa sikuluwu kuti adziwe ngati yatsegulidwa. Ngati kalipo, kajambuleni ndipo musakakhudze. Fufuzani mu foni zithunzi za masiku amenewo, mwina munajambula laputopuyo n'kutumizira achibale pa WhatsApp, ndipo chithunzicho chili ndi tsiku lake. Ngati munalowa mu Windows ndi akaunti ya Microsoft, pa tsamba la akauntiyo pali mndandanda wa makompyuta olumikizidwa nayo, ndipo nthawi zambiri siriyo nambala imaoneka. Mafayilo anu oyambirira ali ndi masiku amene munawasunga. Uthenga wa Airtel Money, wa Mpamba kapena wa ku banki ukusonyeza tsiku ndi ndalama zimene munalipira. Amene munapita naye kogula, kapena mphunzitsi mnzanu amene anaiona sabata yomweyo, ndi mboni. Chilichonse pachokha n'chopepuka, koma mukaziika pamodzi zimalemera. Ndipo muli ndi funso limodzi loti mukawafunse mofatsa: kompyuta ya nambala ya pa lisiti langa ili kuti? Sitolo iliyonse yolongosoka ili ndi buku kapena kompyuta yolembamo katundu wolowa ndi wotuluka. Akatsegula, apeza kuti nambala ya laputopu yanu inalowa m'sitolo mwawo, kapena kuti ya pa lisitiyo inagulitsidwanso kwa munthu wina. Akakana kutsegula, kukanako mukakulembe m'dandaulo lanu.

Mnyamata wa pa boma uja wakuthandizani, muthokozeni, koma asaitsegule. Sikuluwu ikangomasulidwa mwawapatsa chothawira chenicheni, chifukwa waranti imatha kufa munthu wosavomerezeka akalowetsamo dzanja. Ngati anatsegula kale, akulembereni kapepala konena tsiku ndi zimene anaona, ndi kuti sanachotse kanthu.

Popita ku sitolo musadalire pakamwa. Lembani kalata yaifupi, Chichewa chomwechi n'chokwanira, yonena tsiku logula, ndalama za kompyuta, ndalama za waranti, zimene lisiti likunena, zimene zili mkati, vuto limene labuka ndi chimene mukufuna. Ikani tsiku loti akhale atayankha, masabata awiri ndi okwana. Pangani makope awiri, ina asayine n'kudinda, mubwerere nayo. Funsani mwini sitolo kapena manejala, chifukwa wa pa kauntala alibe mphamvu yobweza ndalama, ndipo mwina ndi iye amene analakwitsa, ndiye adzangoteteza ntchito yake. Lisiti lenileni lisachoke m'manja mwanu, apatseni fotokope. Malisiti a pa makina aja amafufutika okha ndi kutentha, ena chaka chisanathe amakhala ayera mbee, choncho lijambuleni lero. Ndipo laputopuyo musaisiye popanda pepala losainidwa lonena siriyo nambala yake, purosesa, RAM, kukula kwa SSD ndi chaja. Kompyuta imene ili pa mkangano wa nambala ndi umboni wanu waukulu, ikalowa kuseri kwa kauntala popanda cholembedwa mwataya mlandu ndi manja anu.

Nanga mupemphe chiyani? Apa ndikuuzeni mosapsatira. Mukanazindikira sabata yoyamba, mukanangobweza katunduyo n'kulandira ndalama zonse popanda zokambirana. Lamulo la kugula ndi kugulitsa limati munthu akasunga katundu nthawi yaitali osadandaula amaonedwa ngati wamulandira, ndipo miyezi 14 ndi yambiri, ndiye a sitolo adzatsamira pamenepo. Koma kulandira katundu kumangochepetsa mwayi womubweza, sikufafaniza ufulu wolipidwa pa zimene mwaluza. Mulinso ndi poyankhira, chifukwa kusiyana kwa purosesa sikuoneka ndi maso, ndipo munthu wamba sangakudziwe popanda womuuza. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kupempha kompyuta yofanana ndi ya pa lisiti, pamodzi ndi miyezi 10 ya waranti imene yatsala. Akati alibe, abweze ndalama za kompyuta ndi za waranti, ndipo pamenepo mukhoza kulolera kuti achotsepo pang'ono chifukwa mwaigwiritsa ntchito chaka ndi miyezi iwiri. Pansi penipeni pamene simuyenera kutsikapo ndi apa: akonze laputopuyo ulere, abweze kusiyana kwa mtengo wa makina awiriwo, alembenso lisiti ndi waranti pa nambala yolondola. Kuti kusiyanako kukhale ndi maziko, tengani makoteshoni m'masitolo ena awiri. Lembaninso ndalama zimene mukuwononga pa maulendo, makilomita oposa 80 kupita kokha si masewera pa mitengo ya minibasi ya masiku ano.

Yembekezerani kuti nkhani ya nambala ikawakanika adzasamukira kwina. Adzati ndi magetsi, kapena mphezi, kapena munathirapo tiyi. Mawaranti ambiri salipiradi zowonongeka ndi madzi, kugwa kapena kukwera kwa mphamvu ya magetsi, ndipo batire kawirikawiri amaiteteza chaka chimodzi chokha ngakhale waranti yonse ikhale yaitali. Kwathu kumapiri kuno mphezi za dzinja timazidziwa, kuthimathima kwa magetsi timakudziwanso. Koma akanena zimenezo alembe lipoti la amene waiyeza, lonena chimene chapsa. Ndipo ngakhale zitakhala zoona, zikukhudza kukonza kokha. Mlandu wokupatsani katundu wosiyana ndi amene munalipira utsala chilili.

Tsiku loyankha kalata lija likadutsa ali chete, kapena akakana, pitani ku CFTC, maofesi awo ali ku Lilongwe komweko. Perekani kalata yanu ija, lisiti, pepala la waranti, zithunzi ndi masamba a pa webusaiti. Lamulo la 2024 linapatsa bungweli mphamvu yolamula wamalonda kubweza ndalama kapena kusintha katundu, komanso yolipiritsa chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zimene kampani yapeza pa chaka. Amalonda ambiri akalandira kalata yochokera kumeneko amafewa msanga. Bungwe la Consumers Association of Malawi, CAMA, nalonso limalandira madandaulo a ogula ndipo limatha kukankha nkhani. Zikakanika konseko khothi la majisitireti lilipo, ndipo mlembi wa pa khothi la pa Dedza boma akuuzani koyenera kukasuma popeza malondawo anachitikira ku Lilongwe. Akuluakulu amati mlandu suola, komabe lamulo linaika malire a zaka 6 pa milandu ya mgwirizano, ndipo umboni wanu umafooka mwezi uliwonse, ndiye musazengereze. Za kupolisi ndingati dikirani kaye. Kulandira ndalama mwachinyengo ndi mlandu ndithu, koma zimathekanso kuti wantchito anangosokoneza makatoni awiri, ndipo mukayamba ndi apolisi mwatseka khomo lokambirana pamene chimene mukufuna ndi kompyuta yogwira ntchito.

Owerenga ena mwina vuto lanu ndi laling'ono, kompyuta ndi yomweyo imene munagwirizana koma pa lisiti analakwitsa chilembo chimodzi, 0 m'malo mwa O, kapena 8 m'malo mwa B. Bwererani akakonze pano kompyuta ili bwino, asayine ndi kudinda pamene akonzapo. Amene munagula kutsidya kwa malire ku Mozambique, kapena kwa munthu wa pa Facebook wopanda sitolo, njira yanu ndi yopapatiza, chifukwa CFTC singakafike kutsidyako ndipo munthu wopanda adiresi n'ngovuta kumuitana.

Aphunzitsi, akavomera kukonza kapena kusintha, musanyamuke pa kauntala musanalowe mu BIOS pamaso pawo. Vuto lomazima yokha nthawi zina limathera posintha motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta, ndipo siriyo nambala imakhala pa motherboard pomwepo. Akaika ina, nambala ya mkati imatha kusintha kapena kusowa kumene ngati wokonzayo sanailembemo, ndiye mudzapezeka muli pa mkangano womwewu miyezi ikubwerayi. Alembe pa pepala lodindidwa nambala yakale, nambala yatsopano, chimene asintha ndi tsiku limene waranti yanu idzathe. Funsaninso kuti masabata amene laputopuyo yakhala kwa iwo awawonjezere kumapeto kwa warantiyo, popeza nthawi imeneyo munailipira koma simunaigwiritse ntchito.